Voti ya a Landilodi

Padangokhala.

Tili tonse.

Padali mkulu wina, a Phiri, amene adagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya njanji ku Limbe, masiku omwe sitima zidali m'manja mwa Malawi Railways. Mowa sankamwa, fodya sankasuta, ndipo pa ndalama adali woumira kwabasi. Atapuma pa ntchito adagula nyumba yakale ya zipinda zinayi ku Namiwawa, m'munsi mwa phiri la Sanjika, yokhala ndi mpanda wautali, mitengo ya mango kumaso ndi mapeyala kuseri. Iwo ndi mkazi wawo, Nabanda, sadagonemo ngakhale usiku umodzi. Adalowa m'boyizi kota ya kuseri, nyumba yaikuluyo n'kuiika pa lendi. Ndalama za lendiyo ndi zimene adamangira mdadada wa zipinda zisanu ndi zitatu ku Chilomoni. Pomwe nthano yathu ikuyambira, mu mdadadamo munkakhala mavenda a pamsika, telala, mlonda wa pasitolo ina m'tauni, mnyamata wa kabaza, ndi mayi wachikulire wokazinga mandasi, Nangozo.

Mwezi ukatha a Phiri ankakwera minibasi ya ku Chilomoni, kabuku m'thumba la jekete, n'kumagogoda khomo ndi khomo. Sadali munthu woipa mtima kwenikweni. Denga likadontha ankakonza, ngakhale mochedwa. Chilema chawo chidali chakuti chilichonse pansi pano, kuyambira mvula mpaka maliro, ankachiyeza ndi funso limodzi: "Nanga nyumba yanga yaikulu ipindulapo chiyani?" Ndale nazo ankaziyeza chimodzimodzi.

Anthu a ku Namiwawa ankadziwira pageti la a Phiri komwe mphepo ikulowera. Bakili Muluzi atapambana chisankho cha pa 17 May 1994, getilo lidakhala lachikasu. Zaka zimenezo zidawakomera mkuluyu, chifukwa Muluzi ankakonda kukhala ku Sanjika, ndipo akuluakulu ambiri ankafuna nyumba chapafupi. Mu 2004 a Phiri adavotera Bingu wa Mutharika poganiza kuti zinthu zipitirira momwemo, koma Bingu atangolowa adasamukira ku Lilongwe, ntchito za boma n'kumutsatira, tenanti wa a Phiri nayenso n'kulongedza. Bingu atatuluka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, geti lidasanduka labuluu. Atamwalira mu April 2012, Joyce Banda n'kulowa, sabata isadathe geti lidali la olenji. Mnyamata amene ankalembedwa ganyu yopenta ankati getilo layamba kulemera potsegula.

Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, eni nyumba anzawo ankabwera kudzasewera bawo pansi pa mango. Chaka cha chisankho chikafika bawo ankaiwalika, nkhani n'kukhala imodzi.

A Mwale, omwe adali ndi nyumba ziwiri ku Chitawira, sankachedwa nazo. "Ine ndimavotera wa kwathu, basi. Ngakhale akhale wakuba, akaba amakadyera pakhomo, nyenyeswa n'kugwera ife." Maganizo amenewa si achilendo m'dziko muno. Mu 1994 momwemo mavoti adagawikana motsata zigawo: kumpoto Chakufwa Chihana, pakati Kamuzu Banda, kummwera Muluzi. Chonsecho wa kwawo amene a Mwale ankamuvotera chaka ndi chaka sadawapatseko ngakhale moni wa pawindo la galimoto.

A Mbewe ankamanga mafulati amene sankatha. "Voti yanga ili kwa wa hadiweya ku Limbe," ankatero. "Ndikafunsa mtengo wa simenti ndi malata, ndadziwa kale boma lomwe lilipo. Mwaiwala 2011, tikugona pamizere ya mafuta, lole ya mchenga osaoneka? Mu May 2012 kwacha itagwa, ndalama yomwe ndinasungira denga lonse inagula theka." Inu amene mudaona kwacha ikugwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mukudziwa chomwe chinkawawawa mkuluyu. Lendi imalembedwa m'makwacha, pomwe penti, mapaipi ndi mawaya zimatsata dola.

Padalinso mayi wamasiye, Nankhoma, yemwe sankasewera koma ankabwera ndi mpando wake. "Nonsenu ndinu ana," ankawauza. "Ife tinaona nthawi ya chipani chimodzi, lamulo lolanda katundu la 1966 lili pa mphamvu. Munthu unkagona uli ndi nyumba, kudzuka boma lalanda, kokadandaula kulibe. Simenti ikwere, itsike, zimenezo n'zopirira. Ine ndimavotera amene sadzagwira makhoti pakhosi, kuti pepala langa la malo likhalebe pepala."

A Phiri ankangoseka. "Mukuyang'ana kutali nonse. Ine ndimakhala pageti n'kumaona galimoto zomwe zikukwera ku Sanjika. Amene adzandipatse tenanti wonenepa, voti ndi yake."

Pa nthawiyo m'nyumba yaikulu munali a Gondwe, wowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe. Adakhalamo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tsiku loyamba la mwezi lisadathe ndalama inkakhala italowa ku banki. Mpopi ukawonongeka ankakonza okha. Ana awo ankatcha Nabanda kuti agogo. A Phiri sankawaona ngati chuma. Ankadandaula kuti lendi yawo ndi yakale, komanso ankawakayikira kuti, poti kwawo n'kumpoto, amavotera kwina.

Tsono chidafika chaka china cha chisankho. Chakacho sinditchula, ngakhalenso chipani chake, poti munthu amene akubwerayu amapezeka m'chipani chilichonse. Madzulo ena pageti padaima galimoto yaikulu ya magalasi akuda, mbendera ikupepeza kutsogolo. Mudatuluka bambo wa mimba yake, mafoni awiri m'manja, anyamata atatu pambuyo. Anthu ankangomutchula kuti a Bigi. Sadali phungu, sadali nduna, koma pa nsanja ya msonkhano uliwonse ankakhala mzere wachiwiri, pomwe kamera imafika.

"Madala, nyumba yanuyi ndaikonda," adatero a Bigi. "Ndikufuna pogona alendo a kampeni. Lendi yomwe mukulandira ndiwirikiza kawiri, miyezi itatu ndilipira pompano. Tikangolowa m'boma, nthambi ina ya boma idzaitenga pa mtengo wina umene simunaulotepo. Inu n'kumangodya muli gone."

Mnyamata wina adatsegula chikwama. Ndalama zidali zatsopano, zomangidwa ndi mphira.

"Koma dzanja limasamba linzake, madala. Ndamva muli ndi anthu ku Chilomoni. Zipinda eyiti, mabanja eyiti. Amenewo ndi mavoti. Pulezidenti, phungu, khansala, onse achonge athu."

Usiku umenewo Nabanda adayesa kulankhula. "A Phiri, munthu uyu mwamudziwa lero. Pepala la mgwirizano lili kuti? A Gondwe atilakwira chiyani? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Nabanda, za ndale zisiyeni kwa ife. Munthu wamkulu ngati uja ungamufunse pepala? Si kumunyoza kumeneko?"

M'mawa mwake a Gondwe adalandira notisi ya mwezi umodzi. Sadakangane. Adangofunsa ngati pali chomwe adalakwa, ndipo atamva kuti palibe, adagwedeza mutu n'kuyamba kufunafuna makatoni. Tsiku losamuka adapereka makiyi onse, mabilu a madzi ndi magetsi olipiridwa, ana n'kukatsanzikana ndi agogo awo kuseri. Nabanda sadadye tsiku limenelo.

Loweruka lotsatira a Phiri adapita ku Chilomoni pa galimoto ya a Bigi, mtolo wa nsalu ndi malaya a chipani kumbuyo. Adaitanitsa matenanti onse pabwalo, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, nagawa nsaluzo. Mu kanvulopu aliyense adapezamo kangachepe ka sopo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama pokopa mavoti, koma envulopu siyenda ndi belu.

"Ndimvereni bwino," adatero a Phiri. "Nyumba zino ndi zanga. Amene akugona pansi pa malata anga avotere komwe ndikuvotera ine, mapepala onse atatu. Amene sakufuna, Blantyre ndi wamkulu."

Anthu adangoti zii. Kenaka Nangozo adapukuta manja pa chitenje chake, nagwada pang'ono mwaulemu.

"Alandilodi, nsalu talandira, zikomo, ifunditsa adzukulu. Koma ndifunseko, ine sukulu sindinapite patali. M'kachipinda kovotera muja mudzalowa nafe?"

"Ndidzadziwa basi."

"Mudzaona inki pa chala, bambo. Chala sichinena pomwe chachonga." Anthu ena adabisa nkhope. Nangozo adapitiriza, mawu ali pansi. "Sindikuchita mwano. Chaka chino ndi cha khumi ndi chimodzi ndikukupatsani lendi, ndipo tambala iliyonse imatuluka m'chiwaya chija. Fulawa akakwera, mafuta ophikira akasowa, makala akadula, lendi yanu ndi yomwe imayamba kudwala. Telala uyu magetsi akazima tsiku lonse, mwezi ukatha mudzamva nkhani m'malo mwa ndalama. Mukanabwera kudzatifunsa kuti ana anga chikukuwawani n'chiyani, bwenzi tikuthandizana kusankha, chifukwa mphika wathu ndi umodzi. Koma mwabwera ndi yankho m'thumba."

A Phiri adapsa mtima, koma Nangozo adalibe ngongole ngakhale ya tsiku limodzi, ndiye adangokwera galimoto.

Tsiku la chisankho lidafika, anthu adaima pamizere kuyambira mbandakucha. Patapita masiku owerengera, zotsatira zidatuluka, ndipo chipani cha a Bigi chidagwa pa mpando wa pulezidenti. Ku wadi ya ku mdadada kokha ndi komwe khansala wawo adadutsa, movutikira. A Phiri adakhala pakhonde la boyizi kota manja ali m'masaya. Miyezi itatu yolipiridwa ija idali itatha kale, wachinayi ndi wachisanu udadutsa ndi mawu akuti "tikangopambana".

"Musalire," adatero Nabanda. "Pano munthu uja alibe mphamvu. Lembani kalata, atipatse zathu, atuluke."

A Phiri adalemba kalata yaukali, naiika mu envulopu kuti akapereke m'mawa. Masana a tsiku lomwelo, akudya nsima, wailesi idaulutsa msonkhano wa chipani chopambana. Wolengeza adati pali akuluakulu ena amene aona kuwala. Kenaka padamveka mawu omwe a Phiri ankawadziwa bwino: "Ine ndine munthu wa chitukuko. Anthu anga andituma kuti ndigwire ntchito ndi boma la lero."

Mbamu idagwa m'manja. Phungu akachita zotere pali gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limati wochoka m'chipani chake n'kulowa china cha m'Nyumba ya Malamulo ataye mpando, ngakhale tonse tikudziwa kuti gawoli limagona tulo nthawi zambiri. A Bigi adalibe ndi mpando womwe woti ataye. Adangosintha mbendera ya pagalimoto, ulendo wa ku Lilongwe.

M'nyumba muja adasiyamo adzukulu ake ndi anyamata aja. A Phiri akaimba foni, inkayankhidwa ndi munthu wina: "Bwana ali mu miting'i." Akagogoda pakhomo la nyumba yawo yomwe, mnyamata ankatuluka chifuwa pamtunda n'kufunsa kuti, "Madala, mukudziwa kuti mukulankhula ndi anthu a ndani?" Usiku kunkakhala nyimbo mpaka tambala woyamba. Tsiku lina mmodzi adabwera ataledzera n'kugunda geti lija ndi galimoto. Patapita sabata lidapezeka kuti lagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha.

Madzi a mu Blantyre si aulere. Ambiri amachita kupopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry, kukwera mtunda wonsewo ndi mphamvu ya magetsi, ndipo bilu ikaunjikana amadula. Mita ya nyumba yaikulu ndi ya boyizi kota idali imodzi. Choncho Nabanda, mayi wa msinkhu wake, adayamba kutuluka ndi ndowa m'mawa kukapempha madzi kwa aneba, ku Namiwawa komwe anthu amadziwana ndi magalimoto okha. Kalata za msonkho wa malo zochokera ku khonsolo ya mzinda nazo zinkabwera m'dzina la a Phiri, poti khonsolo imadziwa mwini malo, za tenanti ilibe nazo ntchito.

Adapita kwa loya. Funso loyamba lidali lomwe Nabanda adafunsa usiku uja: pepala la mgwirizano lili kuti? Mlandu udalowa m'khoti ndithu, koma wopanda pepala umayenda pang'onopang'ono, ndipo loya sadya "zikomo". Ndalama zonse za loya, za msonkho, za ufa wa pakhomo, tsopano zinkachokera malo amodzi, ku zipinda zisanu ndi zitatu zija zomwe a Phiri sankazitchula n'komwe pa bawo.

Adaganiza zokweza lendi ku Chilomoni. Asadapite, mvula yamphamvu idagwa usiku wonse. Madzi otsika m'mapiri a Michiru adapeza ngalande ya kumtunda kwa mdadada itatsekeka ndi zinyalala, nakhotera m'bwalo, kugwetsa chimbudzi ndi khoma la zipinda ziwiri zakumapeto. Mwamwayi palibe adavulala. A Phiri adafika m'mawa n'kupeza matilesi ali padzuwa, makina a telala ali m'matope, Nangozo akukolezera mbaula pakhonde ngati palibe chachitika.

"Ngalande imeneyi bwanji sinakonzedwe?" adakalipa. "Khansala wa kuno ndani?"

"Mukufunsa ife, alandilodi?" adayankha Nangozo. "Si uja munatibweretsera nsalu zake?"

A Phiri adayesa kukumbukira dzina, osalipeza. Nkhope yomwe sankaidziwa. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndiye anthu ambiri adazolowera kuona pepala lachitatu lija ngati lopanda ntchito. Chonsecho ngalande, zinyalala, misika ndi msonkho wa malo, zinthu zomwe zimakhudza mwini nyumba tsiku ndi tsiku, zimakambidwa ku khonsolo komwe khansalayo amakakhala.

"Panali mayi wina ankaima payekha," adatero telala akupukuta makina. "Chaka chatha ndi amene anatisonkhanitsa kufukula ngalande yomweyi, khasu lili m'manja mwake. Anagwa ndi mavoti ochepa kwambiri. Winayu chipambanireni sitinamuone."

Mnyamata wa kabaza adayang'ana pansi. "Ine bwana ndinaopa. Mkazi wanga anali woyembekezera, ndinati tikathamangitsidwa tilowera kuti. Ndinachonga momwe munanenera, ndi mkazi wanga yemwe." Mlonda naye adavomera kuti adachita chimodzimodzi, nauzanso abale ake a kuseri kwa msika kuti atero.

A Phiri adakhala pa njerwa yomwe idagwa, natulutsa kabuku kaja. Tsamba lomwe adalembapo mitengo yatsopano ya lendi adaling'amba, nalipinda, naliponya pa mbaula ya Nangozo. Mayiyo adawapatsa mandasi awiri pa pepala.

"Awa ndi ogula, bambo," adatero. A Phiri adalipira.

Mlandu udatenga zaka ziwiri. Pomaliza khoti lidagamula mowakomera, asherifu n'kubwera kudzatulutsa anyamata aja. Ndalama za lendi sizidabwezedwe, poti a Bigi adapezeka kuti alibe katundu aliyense m'dzina lawo. M'nyumbamo mudatsala makoma okha: masinki adazulidwa, giza kudenga kulibe, zitseko za makabati adasonkhera moto wa kanyenya. A Phiri adavala jekete n'kupita ku Limbe kukapepesa kwa a Gondwe. Adalandiridwa bwino, tiyi adamwa, koma a Gondwe adati adapeza nyumba ku Nyambadwe, mwini wake ndi munthu wosunga mawu, ndipo alibe chifukwa chomusiyira. Nyumba ya ku Namiwawa idakhala miyezi yambiri yopanda munthu, ikukonzedwa chipinda chimodzichimodzi ndi ndalama za mandasi, za kabaza ndi za makina osokera.

Chisankho china chitayandikira, a Phiri adapitanso ku Chilomoni Loweruka, wapansi kuchokera pa siteji, opanda mtolo. Adakhala pabenchi la telala, natsegula kabuku chakumapeto komwe kudali masamba oyera, n'kuyamba kufunsa mmodzimmodzi. Fulawa wafika pati? Mafuta a njinga akupezeka? Ku chipatala mankhwala mukuwapeza, kapena akukulemberani kuti mukagule? Mwana uja anamaliza Fomu 4 ali kuti? Ena adayamba ndi kukayikira, poganiza kuti ndi njira yatsopano yokwezera lendi. Atazindikira kuti mkuluyo akungomvetsera, adalankhula mpaka dzuwa kupendeka. Ofuna ukhansala atabwera kudzalankhula pabwalo la sukulu, a Phiri adakhala kutsogolo ndi ndodo yawo, nafunsa aliyense za ngalande ija, kuti adzaikonza liti ndipo ndalama yake idzachokera kuti. Awiri adayankha ndi nyimbo za chipani. Mmodzi adayankha funsolo.

Sabata yomweyo ku Namiwawa kudaima galimoto ina ya magalasi akuda, mbendera yake ya mtundu wina. Mwini wake adayamba ndi mawu omwe aja, akuti nyumbayi waikonda. A Phiri adamulandira mwaulemu, namuuza kuti nyumba ilipo kwa aliyense wosaina pepala pamaso pa loya ndi kulipira dipoziti, koma voti ya anthu a ku Chilomoni asaitchule, poti iwo adawabwereka zipinda zokha. Galimotoyo idabwerera chambuyo.

Pa bawo a Mwale adafunsa kuti, "Tsono a Phiri, chaka chino tikuvotera ndani?"

"Sewerani, a Mwale, nthawi ndi yanu," adayankha.

Amene adamuchonga sadauze munthu, ngakhale Nabanda, ndipo Nabanda naye sadawauze wake. Matenanti asanu ndi atatu aja adavota aliyense momwe adafunira, ndipo palibe adalandira notisi.

Nthano yathera pamenepa. Kaphuleni mbatata zanu zisanapserere.